Matimati Afike ku Soweto, Mlimi Abwerere Kwawo

Mlimi wa ndiwo zamasamba amene amagulitsa mu Lusaka amadziwa kuti mtengo wabwino uli m'bandakucha. Akafika pa msika wa Soweto dzuwa litakwera, amapeza amayi opikula atabwerera kale ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Matero ndi madengu awo, ndipo repu wake wofota amapita pa mtengo wotaya. N'chifukwa chake chakudya cha mzinda uno chimayenda mumdima. Makanta odzaza mabokosi a matimati amalowa ndi msewu wa Mumbwa, wa Kafue, wa Great North ndi wa Great East kusanayere. Anyamata a mawilibala, aja anthu anawatcha Zamcab mwanthabwala, amawachingamira pa msika, ndipo amalonda a makala amakhala akupalasa njinga zawo m'mphepete mwa misewu yomweyo, matumba atabisa munthu ndi njinga yomwe.

Ntchito yathu pano ndi kuphunzitsa kufesa pa nazale, kupanga manyowa, kuthirira ndi kusunga mabuku a ndalama. Chaka chino tawonjezapo phunziro la msewu, ndipo ophunzira ena anafunsa ngati tasanduka sukulu ya madalaivala. Tinawayankha kuti mbewu imene aisamala miyezi itatu imadutsa maola ake oopsa kwambiri ili pa galimoto, mwini wake ali pamwamba pake.

Amene mwakhalitsa mu mzinda uno mukukumbukira mmene misewu ya m'makomboni inalili. Kuyambira mu 2013 ntchito ya L400 inaika phula m'misewu yambiri imene kale inali fumbi lokhalokha, ndipo pambuyo pake panamangidwa milatho yodutsa pamwamba ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres. Palibe amene angadandaule nazo zimenezi: ambulansi tsopano imafika kumene kale wodwala ankanyamulidwa pa wilibala. Koma tinene chilungamo, maenje aja anali kugwira ntchito ya apolisi popanda malipiro. Dalaivala amene ankakwawa pozemba maenje lero amathamanga, pamene woyenda pansi sanapatsidwe njira yakeyake m'malo ambiri. M'mbali mwa phula muli ngalande, kuseri kwa ngalande kuli tuntemba, choncho mwana wa sukulu, mayi wosenza dengu ndi minibasi onse amalimbirana malo amodzi.

Ku Kanyama vutoli limakula m'dzinja. Komboniyi inakhala pa thanthwe ndipo madzi a pansi ali pafupi, motero mvula ikagwa madzi amaima masiku ambiri. Malo ouma amene amatsala ndi msana wa msewu, ndiye aliyense amakwera pomwepo. Pa msewu wa Los Angeles m'mawa wa mvula, munthu amasankha pakati pa madzi onyansa ofika m'mawondo ndi galimoto zobwera kumbuyo kwake. Msewu wa Lumumba, umene anthu a ku Matero ndi ku George amaudutsa popita ku tauni, ndi womwenso malole aatali a ku Copperbelt amadzera polambalala pakati pa mzinda. Wa Alick Nkhata, wa anthu a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, umakopa phazi la dalaivala usiku ukakhala wopanda anthu ambiri.

Pa nkhani ya liwiro m'pofunika kuchedwapo, pakuti ambiri timaliyesa ndi maso ndipo maso amanama. Galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola imadutsa mamita 8 pa sekondi iliyonse; ya makilomita 60 imadutsa pafupifupi mamita 17. Sekondi imodzi imatha dalaivala akungoona chinthu ndi kusuntha phazi, mabuleki asanagwire n'komwe. Akagwira, mtunda woimira suwirikiza kawiri monga liwiro lachitira: umawirikiza kanayi. Onjezanipo matope pa phula, matayala osalala ndi mabokosi oposa muyeso wa galimotoyo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa oyenda pansi 10 ogundidwa ndi galimoto ya makilomita 30 pa ola, 9 amapulumuka, koma pa makilomita 45 opulumuka safika theka. Lipoti lake la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse, oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, a njinga zopalasa ndi a njinga zamoto, ndipo Africa ndiyo ili patsogolo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake.

M'misewu ya Lusaka mumakumananso madalaivala ophunzira m'mayiko osiyanasiyana. Dziko la Zambia lili ndi anansi 8. Malawi, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe, Botswana ndi Namibia amayenda kumanzere monga ife. Congo ndi Angola amayenda kumanja. Wa lole wowoloka pa Kasumbalesa amasintha mbali ya msewu tsiku lomwelo, ndipo munthu akatopa dzanja limakumbukira zakale. Ku South Africa kuli mwambo wakuti woyenda pang'onopang'ono amapatukira kuseri kwa mzere wachikasu kuti mnzake adutse, wodutsayo n'kuthokoza ndi magetsi ophethira. Ndi ulemu wokoma pa msewu wotakata wa kumeneko. Kwathu kuno kuseri kwa mzerewo n'kumene kuli njinga ya makala yopanda nyali, ndipo ulemu womwewo ungaphe munthu.

Nafenso tili ndi miyambo yathu. Wa lole akayatsa indiketa ya kumanja amatanthauza kuti musadutse, akayatsa ya kumanzere ndiye kuti kutsogolo kulibe kanthu. Chinenero chimenechi si lamulo, ndipo tsiku lina indiketa ya kumanzereyo imangotanthauza kuti mwini wake akukhota. Galimoto ikafa timathyola nthambi n'kuziyala pa msewu, pamene lamulo limafuna matrayango awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Nthambi siwala usiku. Choipa china n'chakuti galimoto ikadzuka timazisiya pomwepo, mpaka madalaivala anazolowera kusazikhulupirira.

Dziko la Sweden lili ndi phunziro limene timalikonda. Pa 3 September 1967 anthu a kumeneko anasiya kuyenda kumanzere nayamba kuyenda kumanja. Ambiri ankaopa kuti kudzakhala maliro osaneneka, koma ngozi zinayamba zatsika, pakuti aliyense ankayendetsa mwamantha. Atazolowera, ngozi zinabwerera mwakale. Mu 1997 nyumba yawo ya malamulo inavomereza mfundo yotchedwa Vision Zero, imene imavomereza kuti munthu adzalakwitsabe ngakhale mum'langize chotani, choncho msewu umangidwe mwa njira yakuti kulakwitsako kusathere m'manda. M'chinenero cha ku Chawama, zimenezi ndi mahampu pafupi ndi sukulu, njira ya oyenda pansi yokwezeka, nyali za mumsewu zoyaka ndi malo oimira minibasi kunja kwa msewu. Izi ndi zoti makomiti a m'mawodi ndi mipingo azizipempha kwa makhansala ndi khama lomwe amapemphera madzi a m'mipopi.

Malamulo alipo. Bungwe la RTSA linakhazikitsidwa ndi lamulo la za pamsewu la 2002. Sitinaiwale ngozi ya ku Chibombo ya pa 7 February 2013, pamene basi ndi lole zinawombana n'kupha anthu oposa 50, ndipo mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda pakati pa 21:00 ndi 05:00. Koma maso a lamulo amaona msanga basi yaikulu. Ngolo, thirakitala yokoka thirela, njinga ndi wilibala, zimene ndizo miyendo ya mlimi, zimatsala m'manja mwa eni ake.

Tsono inu alimi anzathu, chilichonse chimene mumatulutsa pa msewu chikhale ndi zomata zowala, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo. Chovala chowala cha wa njinga sichifika mtengo wa bokosi limodzi la matimati. Poyenda pansi pamene palibe njira, yendani kudzanja lamanja kuti muzionana ndi galimoto zobwera. Popakira, zolemera zikhale pansi ndi chakutsogolo, zomangidwa ndi chingwe cholimba, ndipo munthu asakhale pamwamba pa katundu. Tikudziwa kuti mawu otsirizawa ndi ovuta, pakuti malo a kutsogolo ndi awiri ndipo eni katundu ndi asanu, aliyense akufuna kuona ndalama yake ndi maso ake. Magulu amene amatuma munthu mmodzi kapena awiri ndi buku lolembamo mabokosi a aliyense amathetsa vutoli, malinga ngati bukulo likulembedwa mokhulupirika. Pobwereka galimoto funsaninso ngati dalaivala wagona, ndipo ngati akununkha mowa tsitsani mabokosi anu, ngakhale aonongeke.

Kwa ife osunga Sabata, tsiku lofunika kulichenjerera ndi Lachisanu. Timafuna kugulitsa, kugula za pakhomo ndi kufika kwathu dzuwa lisanalowe, ndipo changu chimenecho chimatsikira ku phazi la dalaivala. M'kalasi timawerengera pamodzi motere: mtunda wa makilomita 40, monga wochokera chakufupi ndi Chongwe, umatenga mphindi 30 pa makilomita 80 pa ola, ndi mphindi 48 pa makilomita 50. Kusiyana kwake ndi mphindi 18. Gulu limene lathyola ndi kupakira Lachinayi madzulo kukali kowala, m'malo mopakira ndi tochi m'bandakucha, limanyamuka mphindi zimenezo lili nazo kale, ndipo matimati osagwedezeka m'njira amafika pa Soweto osaphwanyika.