Tsiku limene W anavala chipewa ku Chitipa

Kiyibodi imene ndinabwera nayo ku Chitipa inali yakuda pogula, koma pofika mwezi wa Okutobala inali itafiira ngati msewu wa ku Nthalire. Amene anakhalapo pa boma pano m'chilimwe akuidziwa mphepo yake. Imadzuka m'mawa, imasesa fumbi la pabwalo ponse n'kulilowetsa pansi pa chitseko, ndipo fumbilo limadzisankhira lokha pokhala. La kwa ine linasankha pansi pa batani la A. Tangoganizani, A! M'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chilambya, mungalembe mawu angati popanda A? Ndinkachita kulikanyanga ndi kachala kakang'ono ngati ndikupha nsikidzi, ndipo A akati atuluke ankatuluka atatu pamodzi. Kamwendo kamodzi ka kumbuyo kanali katathyoka, ndiye ndinkachirikiza ndi bokosi la machesi.

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Ndinakhalako ku Lilongwe zaka zingapo, lendi itandikwana ndinakwera basi, n'kudzatsikira kwathu kudzera pa tala uja wa Karonga–Chitipa amene anamanga a ku China. Pasanapite nthawi kagulu kena ka alimi a khofi ku Misuku kanandipempha kuti ndikapangire pulogalamu yolembera makilogalamu amene mlimi aliyense wabweretsa pa sikelo. Ndinavomera ndikuseka chamumtima. Munthu wochokera ku likulu, ntchito ngati imeneyi ndi phala la mwana.

Tsiku loyesa, mlembi wa gululo analowetsa mayina asanu bwinobwino. Lotsatira linali la mfunda wa Ng'ambi, umene kuno ndi wosasowa. Atangodina kuti lisungidwe, pulogalamu inangoti zii, kenaka n'kulavula mzere wofiira wa Chingerezi chimene ngakhale mwini wakene ndinachiwerenga kawiri. Alimi anali pamzere ndi matumba awo, akundiyang'ana. Thukuta linatsika ngakhale ku Misuku kumazizira.

Chimene chinachitika n'chopepuka. Chinenero chimene timalankhulira ndi database, chotchedwa SQL, chimagwiritsa ntchito nkhodolero, kachizindikiro kaja ka pakati pa g ndi a, posonyeza poyambira ndi pothera mawu. Kompyuta itawerenga Ng n'kukumana ndi nkhodolero, inati dzina latha. "Ambi" wotsalayo inamutenga ngati lamulo, lamulo limene silipezeka m'buku lililonse, basi n'kunyanyala.

Tsono apa mpamene ndimachita manyazi ndikakumbukira. M'malo mokonza pulogalamu, ndinakonza anthu. Ndinauza mlembi kuti azingolemba Ngambi, kachizindikiroko azikasiya, "kompyuta sikafuna". Ndinanena ndi nkhope ya munthu wodziwa zinthu, ndipo iye anandikhulupirira, poti ndani angatsutsane ndi kompyuta?

Asibweni anga, alongo awo a mayi, ndi amene sanandikhulupirire. Anaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma, ndipo mpaka lero akaona chikwangwani cholembedwa molakwika amaima n'kuchiyang'ana ngati chawatukwana. Nkhaniyi itawafika anandiitanitsa pakhonde.

"Iwe muphwa," anatero, "ng'oma ndi ngoma n'chinthu chimodzi?"

"Ayi, asibweni."

"Ina timaimba pa ukwati, ina ili ndi nyanga, imathamanga m'tchire. Ndiye ukwati wako tidzaimbe iti?"

Ndinayamba kufotokoza za SQL. Anandilola kufika pakati, kenaka anafunsa kuti pulogalamuyo analemba ndani. Ndinati ndine. "Ndiye amene sakufuna kachizindikiroko ndi kompyuta kapena iwe?"

Kukonza vutolo kunanditengera mphindi zosakwana 20. Pali njira imene aliyense amaphunzira m'chaka choyamba, yotumiza lamulo palokha ndi dzina palokha kuti kompyuta isazisokoneze. Ndinkaidziwa. Ndinangochita ulesi chifukwa mayina onse amene ndinkayesera pulogalamu yanga anali a John ndi Mary. Choopsa n'chakuti khomo limene Ng'ambi anagwetsera pulogalamu mosadziwa ndi lomwelo limene mbava za pa intaneti zimalowera mwadala. Mfunda umenewu unandipulumutsa, ine n'kumauimba mlandu.

Chitipa anali asanathane nane. Boma lino, limene atsamunda ankalitcha Fort Hill, lili pampanipani wa Tanzania ndi Zambia, ndipo pamsika umamva Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chitumbuka, Chinamwanga, Chimambwe, Chibemba ndi Chiswahili usanagule n'komwe tomato. Ndikalemba "mwaghona", moni wa kuno, kompyuta inkamudula mzere wofiira kunsi ngati mphunzitsi wolusa. Pulogalamu yanga inkasonkhanitsa anthu a banja limodzi potengera dzina la bambo, osadziwa kuti m'mitundu ingapo kuno mwamuna ndi Silungwe pamene mlongo wake ndi Nalungwe, uyu Siwale uyo Nawale. Inagawa mabanja pakati popanda wa ku khoti. Ndinasintha kuti izitsata nambala ya khomo, mayina iwasiye momwe eni ake amawatchulira.

Koma chimene chinandidya mutu kwenikweni ndi ŵ, w wovala chipewa. Olemba Chichewa ambiri masiku ano anamutaya, nyuzipepala zimangoti Malawi, ndipo palibe amafa. M'Chitumbuka nkhani ndi ina. "Wakwiza" ndi munthu mmodzi akubwera, mwina mwana. "Ŵakwiza" ndi anthu ambiri, kapena munthu mmodzi amene ukumupatsa ulemu. Ukavula w chipewa, wavula ulemu apongozi ako. Pa kiyibodi yanga yafumbi chilembochi kunalibe, ndiye ndinali ndi kafayilo pa kompyuta kokhala ndi chilembo chimodzi chokha, ŵ, ndipo ndikachifuna ndinkapita kukachikopera ngati munthu wokapala moto kwa aneba. Tsiku lina lisiti linatuluka m'makina litalembedwa MalaÅµi. Mlimi wina anafunsa ngati dziko lasintha dzina iye ali kumunda. Chifukwa chake n'chakuti mu UTF-8 chilembo ŵ chimasungidwa ngati manambala awiri, ndipo pulogalamu yakale ikawerenga nambala iliyonse payokha imatulutsa zilombo ziwiri zimenezo.

Usiku wina, magetsi atazima, ndinakhala ndikuyang'ana kiyibodi ija ndi tochi ya foni, ndipo ndinaona chimene chinali pamphuno panga nthawi yonseyi. Q ali ndi nyumba yakeyake. X nayenso ali ndi yake. M'Chichewa awiriwa ndi alendo osabwera, koma anapatsidwa malo okhazikika. Ndondomeko ya mabatani imeneyi, QWERTY, anaikonza Christopher Latham Sholes ku America, ndipo kampani ya Remington inayamba kugulitsa mataipi ake mu 1874. Sankaganiza za Misuku, ndipo sindimuimba mlandu. Mlandu unali wanga, wogona m'nyumba ya eni zaka zonsezi osasunthako ngakhale mpando. Chilembo chimene chala sichichipeza, mutu nawonso umachiiwala. N'chifukwa chake sindinayeserepo pulogalamu yanga ndi dzina lokhala ndi ŵ kapena ng': kuzilemba kunali ntchito.

Ndiye ndinaganiza zopanga kiyibodi yangayanga.

Maswichi ndinazula pa kiyibodi yakufa ya anyamata a magemu imene mnzanga anandipezera pa kaunjika wa zamagetsi ku Tunduma. Ubongo wake ndi Raspberry Pi Pico, kabolodi kotalika ngati chala kamene kanatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 4. Kanabwera pa basi kuchokera ku Lilongwe, katakulungidwa m'sokosi. Ndinasankha mabatani 48 okha, mizere 4 ya mabatani 12, oongoka ngati mizere ya chimanga, osati opendekeka ngati a pa taipi. Nzeru yake ndi yokoma: simufunika waya 48. Mumalumikiza mizere 4 yopingasa ndi 12 yotsika, waya 16 basi, ndipo kabolodiko kamayendera mzere umodziumodzi mofulumira kwambiri kufunsa kuti wadinidwa ndani. Batani lililonse limafuna kadayodi kake kuti magetsi asabwerere m'mbuyo n'kunamizira batani losalakwa.

Kuwotcherera waya anandiphunzitsa ndi mnyamata wokonza mafoni pamsika, amene anandiseka mpaka misozi ataona mmene ndinkagwirira chitsulo chamoto ngati cholembera. Chipsera chidakalipo pa chala chamkombaphala. Bokosi lake anapala ndi kalipentala wa pafupi ndi kwathu, la mlombwa, ndipo anakana kukhulupirira kuti si kabokosi kosungira ndalama. "Achimwene, mabowo 48, ndalama zake zizilowera pati?"

Tsiku loyatsa ndinadina batani la kumanzere kwenikweni, kompyuta n'kufufuta chilembo. Ndinadina la kumanja, n'kudumpha. Zonse zinali chagada. Powotcherera ndinali nditaitembenuza kiyibodiyo chafufumimba, n'kuiwala kuti kumanzere kwasanduka kumanja. Ndinatsala pang'ono kulira, mpaka ndinakumbukira kuti ndine wolemba mapulogalamu. Pulogalamu yoyendetsa kiyibodiyi, QMK, ndi yaulere ndipo aliyense angathe kuisintha. Ndinangotembenuza mndandanda wa mawaya 12 aja, woyamba n'kukhala womaliza. Mzere umodzi.

Abale, chimwemwe chake! Ndinadina, ŵ n'kutuluka, chipewa chili pamutu ngati mfumu ya ndodo. Ndinadina lina, ng' yense n'kutuluka kamodzi. Ndinalemba ŵanthu, ŵana, ŵapapi, ng'ombe, ng'ona, pang'onopang'ono, ndikuseka ndekha m'nyumba mpaka mlongo wanga anasuzumira kuti aone ngati ndayamba kumwa. Q ndi X sindinawathamangitse, poti polemba code ndimawafuna, koma ŵ ali pafupi ndi chala chachikulu, kunyumba yaikulu. Zizindikiro zonse za code, mabulaketi ndi anzake, zili pansanjika yachiwiri: ndikapanikiza batani limodzi ndi chala chachikulu zimabwera zokha pansi pa zala, dzanja osayenda ulendo. Phewa limene linkandiwawa madzulo aliwonse linasiya. Fumbi likalowa ndimazula batani, kupemerera, kubwezera. A amatuluka mmodzi, monga mwa chilamulo.

Ndisakunamizeni kuti kiyibodi imadziwa zilembo. Imangouza kompyuta kuti batani la pamalo akuti ladinidwa. Kuti ŵ atuluke, QMK imalemba mwachinsinsi nambala yake ya mu Unicode, U+0175, m'kuphethira kwa diso; pa Linux zimangotheka, pa Windows pamafunika kapulogalamu kothandizira kotchedwa WinCompose. Nambala imeneyi timagawana ndi anthu a ku Wales, amenenso amalemba ŵ m'chinenero chawo. Ndisakunamizeninso kuti muyenera kupsa chala ngati ine. Keyman, pulogalamu yaulere ya bungwe la SIL, imakupatsani zilembo zimene mukufuna pa kiyibodi wamba, ndipo ndi imene ndinaika pa laputopu ya mlembi ku Misuku. Ine ndinawotcherera chifukwa ndinkafuna, ndipo sindipepesa. Nolence Mwangwego anayamba kupanga zilembo zakezake za zinenero za m'Malawi mu 1979 n'kudzazionetsa ku mtundu mu 1997. Poyerekeza ndi zaka zimenezo, batani langa limodzi ndi masewera a ana.

Chimene chinasintha kwambiri si thabwa la mlombwalo koma mmene ndimalembera mapulogalamu. Tsopano pulogalamu iliyonse isanachoke m'manja mwanga imayamba yalonjera Chitipa: dzina la nkhodolero, dzina la chipewa, mlongo wa Na- ndi mchimwene wa Si-. Ndinatulukiranso kuti mafoni ena amakonda kulemba nkhodolero yopindika pamene kompyuta imalemba yoongoka, ndipo kwa makina zimenezi ndi zilembo ziwiri zosiyana, moti mlimi mmodzi ankapezeka kawiri, khofi wake atagawika. Ndinaziyanjanitsa. Pulogalamu ya ku Misuku imasunga zonse pa laputopu pomwepo, n'kudikira netiweki ngati mmene timadikirira galimoto ya matola, ikabwera ndiye n'kutumiza. Anzanga a m'tauni amakangana usiku wonse za framework yatsopano imene yatuluka sabata ino. Ine ndimangowafunsa kuti kodi imagwira ntchito kuseri kwa phiri, ndipo kodi imamudziwa Ng'ambi.

Pamalo amodzi pokha ndinagonja. Uthenga wa SMS umanyamula zilembo 160, koma mukaikamo ŵ mmodzi yekha, foni imasintha kalembedwe ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga umodzi umasanduka mauthenga awiri kapena atatu, ndipo olipira ndi alimi. Tinakambirana pansi pa mtengo, iwo n'kugamula kuti pa SMS ya mitengo ya khofi w ayende wopanda chipewa, koma pa lisiti ndi pa kalata avale. Ndinalemba code momwemo.

Asibweni ndinawaitana kuti adzaone. Anafika atavala jekete, anakhala pampando, n'kuiyang'ana kiyibodiyo nthawi yaitali ngati akuyesa mkamwini. Anagogoda thabwalo ndi chikhadabo. Ndinawalozera batani lake.

"Ili, asibweni. Dinani kamodzi."

Anaika chala n'kupanikiza ngati akudinda chidindo cha sukulu, osachotsa. Mzere woyamba unadzaza, ŵŵŵŵŵŵŵŵ, wachiwiri, wachitatu, zipewa zokhazokha ngati msonkhano wa mafumu.

"Chotsani chala, asibweni!"

"Dikira, muphwa," anatero, maso ali pa sikirini. "Ndikubweza onse amene unawavula."