Kodi Mumadziwa? Shaki Yomwe Ana Ake Amadyana M'mimba

M'nyanja yamchere, kugombe la South Africa ndi kumwera kwa Mozambique, mumapezeka shaki yotchedwa Carcharias taurus. Imatalika pafupifupi mamita 3, ndipo mano ake osongoka amaonekera ngakhale itatseka pakamwa. Komatu si yolusa monga imaonekera. Ku Aliwal Shoal, ku South Africa, anthu amasambira nayo pafupi.

Chodabwitsa chili pa kaberekedwe. Yaikazi ili ndi chiberekero chambali ziwiri. M'mbali iliyonse, mwana woyamba kukula amadya anzake asanabadwe, kenako n'kumadya mazira amene mayi akupitiriza kutulutsa. Pakatha miyezi 9 mpaka 12, pamabadwa ana awiri okha, aliyense wotalika pafupifupi mita imodzi. Ndipo mayiyo amabereka kamodzi pa zaka ziwiri.

Shakiyi imamezanso mpweya pamwamba pa madzi n'kuusunga m'mimba kuti iziyandama osamira.

Nsomba yobereka pang'ono chotere singapirire maukonde ndi mbedza. Ku New South Wales, ku Australia, komwenso imapezeka, anaiteteza ndi lamulo mu 1984, komabe bungwe la IUCN likuti ili pangozi yaikulu kwambiri yotheratu.