Anthu osamala nyumba za alendo m'mapiri a Cumbria

Mwezi wa Malichi ukamapita kumapeto, dera la Lake District, ku Cumbria, kumpoto chakumadzulo kwa England, limayamba kutakataka. Lamulungu lomaliza la mweziwo amasuntha mawotchi ndi ola limodzi kuti kunja kuzichedwa kuda, maluwa achikasu amaphuka m'mbali mwa nyanja ya Ullswater, ndipo posakhalitsa sukulu zimatsekera tchuthi cha Pasaka. Ku Manchester, ku Liverpool ndi ku London mabanja amayamba kulongedza zikwama. Kumapiriko, eni nyumba zogona alendo ndi antchito awo amayamba kugona tulo tochepa.

Nyumbazi zimasiyana ndi hotela. Mlendo amachita lendi nyumba yonse, kwa sabata kapena masiku atatu, n'kumadziphikira yekha. Zambiri ndi zamiyala, zakalekale: ina inali khola, ina mosungira udzu wa ziweto, ina munkakhala anthu okumba miyala yofolera ku Honister kapena ku Coniston. Ukale umenewu ndiwo umakopa alendo, komanso ndiwo umadwalitsa mutu mwini nyumba. Derali ndi lamvula yoopsa. Mudzi wa Seathwaite, m'chigwa cha Borrowdale, umalandira mvula yoposa mamilimita 3,000 pachaka. Nyumba yamiyala ikakhala yotseka miyezi yozizira, chinyezi chimalowa m'makoma, chuku chimamera kuseri kwa makabati, ndipo madzi akaundana m'mapaipi, paipi imang'ambika mwakachetechete n'kudzaonekera tsiku limene chisanu chasungunuka.

N'chifukwa chake Febuluwale ndi Malichi ndi miyezi ya amisiri. Pulambala amatsegula mipopi yonse kuti madzi amene anagonera m'mapaipi atuluke, poti m'madzi otere mumaswana tizilombo toyambitsa chibayo. Wosesa chumuni amakwera padenga, chifukwa alendo amafuna moto wa nkhuni madzulo ngakhale mu Epulo. Lamulo limafuna kuti zipangizo za gasi ziziyezedwa chaka chilichonse ndi mmisiri wovomerezeka, ndipo kuyambira Okutobala 2023 mwini nyumba ya alendo aliyense ayenera kukhala ndi chikalata cholembedwa chosonyeza kuti anaunika zonse zimene zingayambitse moto. Kumidzi yakutali, kumene mapaipi a gasi ndi a zimbudzi sanafike, pamabwera galimoto yodzaza mafuta otenthetsera nyumba ndi ina yopopa thanki ya zonyansa. Wopenta, wa m'dimba ndi womanga mipanda ya miyala yopanda simenti nawonso amapezapo ganyu.

Koma msana wa ntchito yonseyi ndi anthu okonza m'nyumba, ndipo ambiri ndi amayi. Tsiku lawo lalikulu ndi Lachisanu kapena Loweruka, pamene alendo akale amatuluka ena n'kulowa. Mwachizolowezi, otuluka amachoka 10 koloko m'mawa, olowa amafika 4 koloko masana. Maola 6 okhawo ndiwo akuti nyumba ioneke ngati simunagonemo munthu.

Wokonza akalowa, amayamba ndi kutsegula mawindo ndi kuvula mabedi. Mashiti ndi matawulo akuda amawaunjika m'matumba kuti vani ya ochapa idzatenge, oyera amabwera atasitidwa kale. Kenaka kukhitchini: uvuni yamafuta, filiji imene wina wasiyamo mkaka, mipeni ndi matambula zoti ziwerengedwe ngati zakwana. Amaola phulusa pamoto n'kuyala nkhuni zatsopano, kuti mlendo adzangoyatsa machesi. Amagwada kuyang'ana pansi pa bedi, kumene kumabisala masokosi ndi zidole za ana. Ubweya wa galu umakakamira pamipando, ndipo tsitsi limodzi lokha m'bafa likhoza kulembedwa pa intaneti n'kuthawitsa alendo ena. Nyumba ikakhala ndi bafa lalikulu lamadzi otentha panja, madziwo amatayidwa, bafalo n'kutsukidwa, kudzazidwanso ndi kuthiridwa mankhwala, ndipo amafunika maola angapo kuti atenthe, choncho ntchito imeneyi imayambirira. Pomaliza amasiya tiyi, mkaka ndi keke pathebulo, amaika kiyi m'kabokosi kotsegula ndi manambala pakhomo, n'kuthamangira nyumba ina. Misewu yake ndi yopapatiza, yokhotakhota, ndipo Loweruka imadzaza ndi magalimoto a alendo omwewo amene akukawakonzera.

Mlendo nthawi zambiri samuona n'komwe munthu ameneyu. Amangopeza bedi loyala.

Eni nyumbazi ndi osiyanasiyana. Ena ndi anthu a m'tauni amene anagula nyumba kumudzi n'kuisiya m'manja mwa makampani monga Sykes Holiday Cottages, ya ku Chester, amene amaitsatsa, kulandira malipiro ndi kudulapo gawo lawo. Ena amadzitsatsira okha pa Airbnb, n'kumayankha mafoni pakati pa usiku madzi otentha akasiya kutuluka. Bungwe la National Trust, limene linakhazikitsidwa mu 1895, nalonso lili ndi nyumba zake zobwereketsa. Ena mwa malo amene lili nawo m'derali anachokera kwa Beatrix Potter, mlembi wa mabuku a ana amenenso ankaweta nkhosa, yemwe pomwalira mu 1943 analisiyira malo okwana maekala pafupifupi 4,000.

Amene amachititsa chidwi kwambiri ndi alimi. Nkhosa za m'mapiri, makamaka za mtundu wa Herdwick, zimapirira chisanu koma sizibweretsa ndalama zambiri, ndipo ubweya wake ndi wolimba, wotsika mtengo. Mabanja ambiri anasandutsa khola lakale kukhala nyumba ya alendo kuti famu isagwe. Vuto ndi loti alendo amafika nthawi imodzimodzi imene nkhosa zikuswa. Mayi wa pafamu amene wachezera kukhola kuthandiza nkhosa yovutika kubereka, m'mawa amasamba m'manja n'kukayala mabedi. Alendo amasangalala kuona tiana ta Herdwick, timene timabadwa takuda bii n'kumayera tikamakula. Koma amabweranso ndi agalu, ndipo galu akathamangitsa nkhosa yabere, ikhoza kutaya mwana. Lamulo limati kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Julaye, galu azikhala pachingwe chachifupi m'malo otseguka a m'mapiri. Mlimi amakumbutsa zimenezi mwaulemu, podziwa kuti mwini galuyo ndiye wamulipira sabata imeneyo.

Anthu a ntchitoyi amadziwa kuti chaka chikhoza kuwonongeka chisanayambe. Mu 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anagwira ziweto, ndipo Cumbria ndi kumene anavuta kwambiri. Tinjira ta m'mapiri tinatsekedwa nthawi yomwe alendo amayamba kubwera, nyumba zinakhala pululu. Mu Disembala 2015 namondwe wotchedwa Desmond anakokolola mlatho wa Pooley Bridge ndi kudula msewu wa A591 pakati pa Grasmere ndi Keswick, umene unatsegulidwanso mu Meyi 2016, Pasaka atadutsa kale. Pa 23 Malichi 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid-19, mabedi ali oyala kale. Chaka chotsatira nyumbazi zinaloledwa kutsegula pa 12 Epulo, ndipo poti ulendo wakunja unali wovuta, zinadzaza mpaka eni ake kusowa owakonzera. Anthu ochokera m'mayiko a ku Ulaya, amene kale ankabwera momasuka kudzagwira ntchito zotere, anali atachepa kuchokera pamene ufulu umenewo unatha kumapeto kwa 2020.

Kusowa kwa antchitoku kuli ndi gwero lina, ndipo apa ndi pamene nkhani imawawa. M'dera la Lake District, limene linakhala lotetezedwa mu 1951 ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2017, mumakhala anthu pafupifupi 40,000, koma alendo amaposa 15 miliyoni pachaka. Nyumba iliyonse imene yasanduka ya alendo ndi nyumba imene banja la komweko silingakhalemo. Mitengo inakwera, ndipo munthu wolandira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, amene mu Epulo 2025 anafika £12.21 pa ola, sangakwanitse lendi ku Grasmere kapena ku Ambleside. Ambiri amayenda mtunda wautali kuchokera m'matauni a kunja kwa derali kudzakolopa nyumba za m'midzi imene makolo awo ankakhala.

Boma layamba kukhwimitsa zinthu. Kuyambira Epulo 2023, nyumba imawerengedwa ngati bizinesi ku England pokhapokha ngati inalipo yoti ibwerekedwe masiku 140 pachaka ndipo munagonadi alendo masiku 70. Mu Epulo 2025 mwayi wapadera wa msonkho umene eni nyumbazi ankalandira unathetsedwa, ndipo makhonsolo anapatsidwa mphamvu yolipiritsa msonkho wowirikiza kawiri pa nyumba yachiwiri. Eni ake ena akudandaula, ndipo mlimi wokhala ndi kanyumba kamodzi ali ndi chifukwa chomveka, poti iye sanalande nyumba ya munthu. Komabe misonkho yokha siimanga nyumba. Makhonsolo a Cumberland ndi Westmorland and Furness ayenera kuika ndalama zimenezi pa nyumba zotsika mtengo za anthu amene amavula mabedi, kusesa machumuni ndi kupopa mathanki, chifukwa popanda iwo palibe nyumba ya alendo imene ingatsegule chitseko 4 koloko ya Loweruka.