Ufuna kukhala operations manager? Yambira pansi, koma usagwire ya mahala

Ngati ugwira nchito ku maindasitiri, uyu munthu umudziwa. Foni yake siileka kulira. Thiraki yacedwa pa boda ya Chirundu, atumira yeve. Malaiti apita ndipo jenereta ilibe dizilo, ni yeve. Anyamata awiri a shifiti ya usiku sanabwere, ni yeve futi. Uyo ndiye operations manager, munthu amene aonetsetsa kuti katundu, anchito, makina na nthawi ziyendera pamodzi. Iwe wamene ukwera basi ya 05:00 kucoka ku Kanyama kapena ku Chawama ungafike pa mpando uja. Njira iliko, koma ili na maenje.

Coyamba, nchito iyi siiphunziridwa mu kalasi cabe. Uiphunzira pambali pa munthu amene aidziwa kale, monga mwamene makanika wa ku Matero aphunzitsira mwana wa sipanala. Uyamba na kulandira katundu: kuwerenga makesi, kulinganiza na delivery note, kukana kusaina ngati ziwiri zasowa. Kucoka apo uphunzira kuti katundu woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka, kuti mafuta ophikira kapena zakumwa zisaonongekere kumbuyo kwa shelufu.

Ndiye pabwera masamu. Tinene kuti depoti yanu igulitsa makesi 40 patsiku, ndipo oda itenga masiku 5 kuti ifike. Ndiye kuti pakatsala makesi 200 ufunika kukhala utaoda kale, na kusungako ena apadera cifukwa thiraki ingafe pa njira. Ukaphonya apa, makasitomala apita kwina. Pambuyo pake uphunzira kulemba ndandanda ya mashifiti, kuyang'anira citetezo ca anchito, na cinthu covuta kupambana zonse: kuuza munthu wamkulu ngati atate ako kuti walakwitsa, popanda kumucotsa ulemu.

Manje tiye ku maenje. Mabwana ena akonda liu lakuti trainee cifukwa ni lochipa. Akuuza kuti uphunzira umanenja, koma caka cisila ukali kunyamula masaka na kutumidwa kukagula tokutaimu. Kumeneko si kuphunzira, mwana wa amai, ni kudyedwa masuku pamutu. Ukalibe kuvomera, funsa zinthu zinai. Ndani azandiphunzitsa? Nizapita mu madipatimenti ati, kwa miyezi ingati? Nizalandira zingati? Pothera nizatenga pepala yotani? Mayankho akhale olembedwa na kusainidwa. Lamulo la Employment Code la 2019 likamba kuti probation ni miyezi itatu, ndipo angaonjezerepo ina itatu cabe. Ngati akulemba nchito, onanso kuti ndalama za NAPSA zilowa mu dzina yako.

Gula kabuku ka cikuto colimba. Tsiku lililonse lemba zimene wacita: stock-take, thiraki zimene watulutsa, vuto imene wathetsa. Kumapeto kwa mwezi ba supavaiza asainepo. Pa intavyu, kabuku aka kazakamba mokweza kupambana suti yobwereka.

Caciwiri, manja pawokha sakwana, pepala nayo ifunika. TEVETA, imene inakhazikitsidwa na lamulo la 1998, ndiyo ilembetsa makoleji a maluso. Ukalibe kulipira ngwee iliyonse ku koleji ya pa kona, funsa ngati ni yolembetsedwa. TEVETA ilinso na njira ya Recognition of Prior Learning, yoyesa luso limene waphunzirira pa nchito na kukupatsa satifiketi. Wofuna digiri, Copperbelt University ku Kitwe iphunzitsa Production and Operations Management.

Nanga ndalama? Kucokera mu 2017 olemba nchito alipira Skills Development Levy, 0.5 peresenti ya malipiro a anchito, ndipo icoka m'thumba la kampani, osati pa salale yako. Ndalama izi ni zothandizira maphunziro a maluso, conco usacite manyazi kufunsa ku ofesi ya HR ngati kuli pulogalamu yophunzitsa anchito. Kulinso mabasare a maluso a CDF, amene upempha kupitira mu Ward Development Committee ya ku komboni kwanu. Pita ukafunse za mafomu nthawi ikalipo.

Osayembekeza kuti ba manenja azakuitana okha. Pa Mande fika msanga, uwapemphe kuti ukhaleko pa stock-take ya kumapeto kwa mwezi, olo ikhale ya usiku. Ambiri aithawa. Iwe ukaigwira bwino kawiri katatu, tsiku limene ba manenja azadwala, makiyi a depoti azafuna munthu wowasunga, ndipo onse azadziwa kale kuti ni ndani.