Anyalugwe a m'minda ya nzimbe

Ku Akole, m'chigawo cha Maharashtra ku India, mvula imagwa miyezi yowerengeka, kenako dziko limauma gwa. Nkhalango yeniyeni kulibe. Kuli midzi, zitunda za miyala ndi minda ya nzimbe yothirira, ndipo pa sikweya kilomita iliyonse pamakhala anthu opitirira 300. Wofufuza wina, Vidya Athreya, ndi anzake anatchera makamera odzijambulira okha m'tinjira ta kumeneko, aja amene amati nyama ikangodutsa, chithunzi chatengedwa. Poti nyalugwe aliyense ali ndi mawanga akeake, ankatha kusiyanitsa wina ndi mnzake. Zimene anafalitsa mu 2013 zinaonetsa anyalugwe pafupifupi 5 pa masikweya kilomita 100 alionse, afisi amizere ochuluka chimodzimodzi, komanso ankhandwe ndi amphaka akutchire. Kalembera wa nyama akamachitikira m'malo otetezedwa okha, zilombo zonsezi sizilowa m'kaundula, ndipo boma limazikumbukira tsiku limene mbuzi yagwidwa m'khola.

Ena angati chithunzi cha nyalugwe sichisonyeza kuti chilengedwe chili bwino. Akunena zoona, ndipo umboni wake unachokera kwa ofufuza omwewo. Atafufuza ubweya ndi mafupa m'ndowe za anyalugwewo, anapeza kuti 87 peresenti ya chakudya chawo inali nyama zapakhomo, agalu okha 39 peresenti. Agwape oti n'kusaka kunalibe. Komatu popanda kuwerengako, ndani akanadziwa chimene chatsala ndi chimene chasowa? Malo owoneka ngati otha ntchito amasunga nyama zina n'kutaya zina, ndipo kusiyanaku sikudziwika munthu atakhala mu ofesi.

Palinso oti m'malo motaya ndalama pa makamera, ndi bwino kungogwira zilombozo n'kukazitaya kunkhalango. Ku Junnar, m'chigawo chomwecho, anayesa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo anthu ovulazidwa ndi anyalugwe anachuluka. Nyalugwe wosamutsidwa amakhala mlendo wosokonezeka, woyendayenda pakati pa midzi yosaidziwa, pamene wokhazikika amadziwa nthawi imene anthu amatseka zitseko. Amene wawerenga ndowe uja amadziwa poyambira: khola lolimba, mbuzi zolowa dzuwa lisanalowe, ndi kuchepetsa agalu osowa mwini amene amakoka nyalugwe mpaka pakhonde.