Kusankha Makina Ofufuzira Zitsulo Pansi pa Madzi

Pa 20 Julayi 1985, gulu la Mel Fisher linapeza mulu wa siliva pansi pa nyanja kufupi ndi zilumba za Florida Keys ku America. Chumacho chinali cha sitima ya ku Spain yotchedwa Nuestra Señora de Atocha, imene inamira ndi mphepo ya mkuntho mu 1622. Nkhani ngati imeneyi imatidzutsa mudyo, makamaka tikaonera mavidiyo a pa YouTube a anthu akuvuula mphete zagolide mumchenga. Chimene mavidiyowo satiuza n'chakuti Fisher anafufuza zaka 16, ndipo mu 1975 mwana wake Dirk, mpongozi wake ndi wantchito mmodzi anamwalira boti lawo litagubuduzika.

Ambirife sitidzafika pa sitima yodzaza siliva. Zimene anthu amapeza kawirikawiri ndi mphete, makiyi, mawotchi, mafoni ndi ndalama zachitsulo zimene osambira anagwetsa. Komabe ngakhale ntchito yaing'ono imeneyi imafuna makina ofufuzira zitsulo oyenera. Makinawa amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo akalowa madzi kamodzi kokha nthawi zambiri sakonzekanso. N'chifukwa chake tisanafunse mtengo kapena dzina la kampani, tiyambe tafunsa za madzi amene tikufuna kulowamo: ndi akuya bwanji, ndipo ali ndi mchere kapena ayi?

Mawu akuti "osalowa madzi" amanyenga

Pa bokosi la makina ambiri pamalembedwa kuti salowa madzi, koma mawuwa amatanthauza zinthu zitatu zosiyana.

Gulu loyamba ndi la makina amene koyilo yokha, mbale yozungulira ya kumapeto kwa ndodo ija, ndiyo imatha kumizidwa. Kabokosi kokhala ndi mabatani ndi mabatire kamaopa madzi. Makina oterewa ndi oyenda nawo m'mphepete, pamene madzi amalekeza m'maondo. Funde limodzi kapena kuterereka pamwala kumatha zonse.

Gulu lachiwiri ndi la makina omizidwa onse, koma pamadzi osaya. Garrett AT Pro, Minelab Equinox 800 ndi Nokta Legend anapangidwa kuti afike mamita 3. Awa ndi a munthu woyenda m'madzi olekeza m'chifuwa kapena wosambira chapamwamba atavala magalasi ndi kapaipi kopumira.

Gulu lachitatu ndi la anthu otsika ndi silinda ya mpweya kumsana. XP Deus II amafika mamita 20, pamene Minelab Excalibur II ndi Garrett Sea Hunter Mark II amafika pafupifupi mamita 60.

Kusiyanaku kumabwera chifukwa cha kulemera kwa madzi. Pa mamita 10 aliwonse amene tatsika, madzi amawonjezera mphamvu yofanana ndi imene mpweya wonse wa mlengalenga umatipanikiza nayo tili pamtunda. Labala wotchinga madzi amene amagwira bwino pa mamita 2 akhoza kugonja pa mamita 12. Tisamalenso ndi chizindikiro cha IP chimene timachionanso pa mafoni. IPX7 imatanthauza mita imodzi kwa mphindi 30 basi. IP68 imatanthauza kuti fumbi silingalowe ndiponso kuti chipangizocho chingapirire kuposa pamenepo, koma kuya kwake kwenikweni amatchula ndi wopanga. Choncho tifunefune nambala ya mamita m'buku la malangizo, ndipo tisankhe makina opitirira kuya kumene tikufuna kufika.

Mmene makinawa amamvera chitsulo

Nzeru yake ndi yakale ndithu. Mu 1881 Alexander Graham Bell anapanga chipangizo chofunira chipolopolo m'thupi la Pulezidenti James Garfield wa ku America. Mpaka lero mfundo ndi yomweyo: magetsi akamayenda m'waya wokulungidwa amapanga mphamvu ya maginito, mphamvuyo ikafika pa chitsulo imadzutsamo timagetsi tating'ono, ndipo makina amamva kuyankha kwa chitsulocho. Njira zomvera zilipo zitatu.

Njira ya VLF imagwiritsa ntchito mawaya awiri okulungidwa, wina wotumiza mafunde mosalekeza, wina womvetsera. Ubwino wake ndi wakuti imatha kusiyanitsa msomali wadzimbiri ndi ndalama kapena mphete, motero sitikumba chilichonse. Vuto lake ndi mchere. Madzi amchere amadutsitsa magetsi, ndiye makina amawamva ngati chitsulo chachikulu n'kumangolira paliponse. Tikawachepetsa mphamvu kuti akhale chete, amasiyanso kumva zinthu zakuya.

Njira ya PI imatumiza magetsi modukizadukiza kambirimbiri pa sekondi, ndipo pakati pake imadikira pang'ono isanamvetsere. Kuyankha kwa mchere kumazima msanga kuposa kwa chitsulo, choncho makina akamayamba kumvetsera amapeza phokoso la mchere litatha. Makina a PI amalimba mtima m'nyanja yamchere ndi mumchenga wakuda, ndipo amamva zakuya. Koma sasiyanitsa bwino zitsulo. Mbedza, waya, chitsekerero cha botolo ndi mphete yaukwati zonse zimatikumbitsa chimodzimodzi.

Njira yachitatu imatumiza mafunde angapo nthawi imodzi n'kuyerekeza mayankho ake kuti ichotsepo phokoso la mchere. Excalibur II amatumiza mafunde 17, kuyambira 1.5 kHz mpaka 25.5 kHz. Makina oterewa amagwira ntchito m'madzi a mitundu yonse iwiri ndipo amasiyanitsabe zitsulo, koma mtengo wake umakhala wokwererapo.

Tikufuna kulowa m'madzi ati?

Nyanja ya Malawi ilibe mchere, chimodzimodzi mitsinje ndi madamu athu. Kwa munthu wofufuza pa magombe osambirapo monga Senga Bay kapena Nkhata Bay, makina a VLF omizidwa mpaka mamita 3 ndi okwanira, ndipo kusiyanitsa zitsulo kumathandiza kwambiri chifukwa malo odzaza anthu amadzazanso zitsekerero ndi zitini. Kugula makina a mamita 60 pamene sitinaphunzire kutsika ndi silinda n'kulipirira chinthu chimene sitidzachigwiritsa ntchito.

Chinthu chimodzi choti tiyang'ane ndi mtundu wa mchenga. Magombe ena, monga a ku Makanjira, ali ndi mchenga wakuda wokhala ndi miyala ya chitsulo, ndipo umasokoneza makina a VLF. Tiyese ndi maginito: ngati timchenga takuda tikumamatira, tisankhe makina amene ali ndi batani lowazoloweretsa nthaka, lija amalilemba kuti ground balance, kapena a mafunde angapo.

Anzathu amene akukhala ku Beira, Durban kapena Cape Town, kufupi ndi nyanja yamchere, nkhani yawo ndi ina. Iwo asataye ndalama pa VLF ya funde limodzi. Pagombe lodzaza zinyalala asankhe makina a mafunde angapo, ndipo pamalo akuya opanda zinyalala zambiri asankhe PI.

Zing'onozing'ono zimene zimaiwalika

Mahedifoni ndiwo amakhumudwitsa ogula ambiri. Bluetooth siyenda pansi pa madzi, ndipo mahedifoni obwera m'bokosi nthawi zina amakhala a pamtunda. Pamafunika a waya osalowa madzi, amene mwina agulidwa padera. Pansi pa madzi akuda sitiona zolembedwa pa sikirini, choncho timadalira kulira, kunjenjemera kwa chogwirira kapena kuwala kwa kagetsi.

Koyilo yaikulu imamva zakuya ndipo imasesa malo ambiri, koma imalemera poikankha m'madzi ndipo mafunde amaikokera uku ndi uku. Ya masentimita 20 mpaka 28 imakwanira pa ntchito zambiri. Tisayembekezerenso zozizwitsa: ndalama yachitsulo imamveka pa masentimita 20 mpaka 30 mumchenga, osati mamita.

Tifunsenso za mabatire. Ngati ndi otchaja omangidwira mkati, adzasinthidwa kuti akafooka? Ngati ndi ochotsa, chitseko chake ndi khomo limene madzi angalowere. Labala wa pachitsekopo amafuna kumupukuta, kumupaka girisi wa silikoni ndi kumusintha akayamba kung'aluka. Kamchenga kamodzi kapena katsitsi kotsalira pamenepo n'kokwanira kulowetsa madzi. Pogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito, titsegule malo a mabatire n'kuona ngati muli dzimbiri kapena zoyera ngati ufa, ndipo tione ngati sikirini ili ndi nthunzi mkati. Tikachoka m'madzi, makamaka amchere, titsuke makina ndi madzi abwino n'kuwaumitsa pamthunzi.

Mu bajeti tiwerengeremonso fosholo yobooka yosefera mchenga, kachipangizo ka m'manja kolozera pamalo enieni, ndalama yotumizira katundu ndi msonkho wa pachipata.

Makina abodza

Pa intaneti pali otsatsa timitengo tokhala ndi mlongoti tomwe amati timaloza golide ali pa mtunda wa makilomita. Mphamvu ya maginito ya koyilo imachepa msanga kwambiri tikamatalikira, choncho lonjezo lotere silingatheke. Mu 2013 khoti la ku London linalamula James McCormick kukhala m'ndende zaka 10 chifukwa chogulitsa chipangizo chotere, ADE 651, ponena kuti chimazindikira mabomba. Maboma anachigula pa mtengo wokwera pamene mkati mwake munalibe chilichonse chogwira ntchito. Ngati maboma anapusitsidwa, wophunzira wosunga ndalama za maganyu asamale kwambiri. Makina enieni timawayesa tisanalipire: tikwirire ndalama, msomali ndi mphete mumchenga n'kumva ngati akuzisiyanitsa.

Lamulo ndi moyo

Makina abwino satipatsa chilolezo. Pangano la UNESCO la 2001 limateteza zotsalira za anthu zimene zakhala pansi pa madzi zaka 100 kapena kuposerapo, ndipo limakana kuzisandutsa malonda. Ku South Africa lamulo la 1999 limateteza sitima zomira zopitirira zaka 60, ndipo kuzikhudza kumafuna chilolezo. Kuno kwathu lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale, ndipo chopezeka chotere chiyenera kunenedwa kwa akuluakulu oona za mbiri yakale. Madzi ozungulira Cape Maclear ali m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, choncho sitingakumbemo mwachisawawa.

Tikumbukirenso kuti sitima yomira nthawi zambiri ndi manda. Vipya inamira kumpoto kwa nyanja yathu pa 30 Julayi 1946 ndipo anthu 145 anafa. Adzukulu awo alipo pakati pathu. Mphete imene tapeza pagombe nayonso ili ndi mwini wake, ndipo ngati ili ndi dzina kapena deti, tikaisiye kupolisi kapena kwa oyang'anira malowo. Kumayiko ena ofufuza amadziwika ndi ntchito yobwezera anthu zotayika, ndipo mbiri yotere imatsegula magombe amene akanawatsekera.

Pomaliza, maso ndi makutu athu zikakhala pa makina, timaiwala zotizungulira. M'madzi mwathu muli ng'ona ndi mvuu, m'malo a udzu ndi nkhono muli likodzo, ndipo mwera ukhoza kuyamba mwadzidzidzi. Tifunse asodzi a pamalopo tisanalowe, ndipo tisalowe tokha. Wofuna kutsika ndi silinda ayambe waphunzira: satifiketi yoyamba ya PADI imalola mamita 18 okha, ngakhale makina ali m'manja mwake alembedwe 60.

Tisanatumize ndalama, tilembe papepala mayankho anayi: kuya kumene tidzafike, ngati madziwo ali ndi mchere, mtundu wa mchenga, ndi amene ayenera kutipatsa chilolezo pamalopo. Mayankhowo akakhala m'manja, makina oyenera amatsala awiri kapena atatu okha, ndipo pamenepo m'pamene tingayambe kukambirana za mtengo.