Kambewu ka aspirin ndi ana obadwa masiku asanakwane

M'boma la Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka, komanso ku Kafue, ofufuza akhala akulemba m'kaundula amayi oyembekezera a m'madera osankhidwa ndi kuwatsatira mpaka masiku 42 atachira. Ntchitoyi ndi ya bungwe la Global Network, ndipo ku Zambia imayendetsedwa ndi madokotala a ku University Teaching Hospital mogwirizana ndi yunivesite ya Alabama ku Birmingham.

Kuyambira 2016 mpaka 2018, amayi a mimba yoyamba a m'maderawa adalowa nawo m'kafukufuku wa ASPIRIN, pamodzi ndi anzawo a ku Kenya, DR Congo, India, Pakistan ndi Guatemala. Onse adalipo 11,976. Theka ankamwa kambewu ka aspirin ka 81mg tsiku ndi tsiku, enawo kambewu kofanana nako koma kopanda mankhwala. Zotsatira zidatuluka m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2020: mwa omwa aspirin, 11.6 peresenti adabereka masabata 37 asanakwane, pomwe mwa enawo adali 13.1 peresenti. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma ana obadwa masabata 34 asanakwane, omwe mapapo awo amakhala osakhwima ndipo amavutika kuyamwa, adachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kwa mayi wa kumudzi, kutali ndi chipinda cha ana osakwana masiku, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Akatswiri amati aspirin wochepa chonchi amaletsa magazi kuundana m'timitsempha ta nsengwa, momwe mwana amalandirira chakudya ndi mpweya. Timitsemphati timakhazikika m'miyezi yoyambirira, n'chifukwa chake amayi a m'kafukufukuyu ankayamba kumwa mimba ili pakati pa masabata 6 ndi 13.

Apa ndiye pagona vuto lathu. Mtsikana wa mimba yoyamba amaibisa, kuopa manyazi kapena anthu a maso oipa, ndipo kusikelo amapita chitenje chitayamba kuthina, nthawi ya kambewu kaja itadutsa kale. Ine ndikuona kuti anamkungwi, apongozi ndi amuna ali ndi gawo lalikulu pano kuposa adokotala, pakuti ndiwo amauza mtsikana tsiku lokaonekera kuchipatala.

Koma amayi oyembekezera asathamangire kukagula aspirin pagolosale. Wogulitsidwa pothetsa mutu nthawi zambiri amakhala wa 300mg, ndipo mayi wa zilonda za m'mimba angathe kutaya naye magazi. Namwino ayambe wayeza msinkhu wa mimba ndi kuthamanga kwa magazi, ndiye anene choyenera kumwa.